Boti lalikulu kapena laling'ono pa Cape Maclear

Mlendo akafika pa Chembe, mudzi wa asodzi wa pa Cape Maclear m'boma la Mangochi, sipapita nthawi asanafunsidwe ngati akufuna kupita kuzilumba. Thumbi chimaonekera pagombe pomwepo, Domwe chili chakumanja, pomwe Mumbo chili kutali, pafupifupi makilomita 10 kuchokera kumtunda. Zilumba zonsezi zili m'dera la Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha nsomba zake. Wofuna kukaziona amasankha pakati pa maulendo awiri.

Woyamba ndi wa boti lalikulu, lokhala ndi denga ndi mipando, lonyamula gulu la anthu pakamodzi. Maboti otere kawirikawiri amakhala a malo ogona alendo, ndipo ena amayendanso ndi thanga. Wachiwiri ndi wa boti laling'ono lamatabwa kapena lafaibala, la injini yopachika kumbuyo, lomwe amayendetsa ndi anyamata a m'mudzimo. Lisasokonezedwe ndi bwato losema la asodzi, lomwe kukhalamo kwake kumafuna munthu wobadwira kunyanja.

Chimene chimakokera anthu ambiri kuzilumbazi ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere. Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala, choncho zimapezeka pamadzi osaya pomwe dzuwa limafika pansi. Sizikonda kudutsa pamchenga kapena pamadzi akuya, n'chifukwa chake mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha, osapezekanso kwina kulikonse. Apa ndi pomwe boti laling'ono limapambana. Woyendetsa amazimitsa injini, kupalasa ndi nkhafi mpaka pafupi ndi thanthwe, mlendo n'kutsikira m'madzi ofika m'chiuno, nsomba zikumuzungulira. Boti lalikulu silingayandikire chotero poopa kugunda miyala. Limaponya nangula chapatali, ndipo wofuna kuona mbuna bwinobwino amayenera kusambira. Kwa wodziwa kusambira palibe vuto. Wosadziwa amangosuzumira ali m'boti, n'kubwerera ataona zochepa kuposa zomwe analipirira. Oyendetsa ena amanyenyera buledi m'madzi kuti nsomba zisonkhane. Zimasonkhanadi, koma buledi si chakudya cha mbuna, ndipo chizolowezichi sichiyenera kulimbikitsidwa m'paki yomwe ilipo pofuna kuteteza nsomba zomwezo.

Nkhwazi nazo zimaoneka bwino munthu ali m'boti laling'ono. Woyendetsa amaimba likhweru, kuponya nsomba m'mwamba, ndipo nkhwazi imachoka pamtengo wa pachilumba n'kudzaiwakha pamwamba pa madzi ndi zikhadabo. Munthu wokhala m'kaboti amakhala pafupi ndi madziwo, moti amamva mkokomo wa mapiko. M'boti lalikulu aliyense amathamangira mbali imodzi atakweza foni, ndipo wamfupi amaona misana ya anzake.

Komabe nyanja siikhala bata masiku onse. Nyengo yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, kumaomba mwera, mphepo yochokera chakummwera yomwe imatha kukhala masiku angapo osaleka. Gombe la Chembe linayang'ana kumpoto chakumadzulo ndipo mapiri a Nankumba amalitchingira, kotero mlendo ataima pamchenga angaganize kuti nyanja yonse ili phee. Boti likangotuluka kuseri kwa mapiriwo kulowera ku Mumbo, mafunde amasintha. Nyengo yadzinja kumabwera mpoto, womwe umalunjika pagombe pomwepo, ndipo mvula yamkuntho imatha kuyamba mwadzidzidzi. Tsiku lamafunde boti laling'ono limadumphadumpha, madzi n'kumalowa, anthu n'kunyowa mpaka zovala zamkati. Lalikulu limadula mafunde mwaulemu, ngakhale wa nseru amasanza m'maboti onse awiri.

Ambiri amaganiza kuti kukula kwa boti ndiko chitetezo. Mbiri ya nyanjayi siivomereza zimenezo. Sitima ya MV Vipya, yomwe inali yatsopano, inamira pa 30 Julayi 1946 pamphepo yamphamvu pafupi ndi Florence Bay, komwe masiku ano kumatchedwa Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Zomwe zimapulumutsa anthu panyanja n'zooneka ndi maso munthu asanakwere: majekete oyandamitsa okwanira aliyense, kuphatikizapo aang'ono a ana, chiwerengero cha okwera chogwirizana ndi kukula kwa boti, petulo wokwanira kupita ndi kubwerera, nkhafi ndi chotungira madzi ngati injini itazima. Chachikulu ndi woyendetsa wotha kuuza mlendo kuti lero nyanja yakana, ngakhale ndalama zili kale m'manja. Boti lalikulu lodzaza mopyola muyeso ndi loopsa kuposa laling'ono lonyamula anthu anayi ovala majekete. Wokwera ali ndi ufulu wopempha kuona majeketewo boti likadali pamchenga, ndipo woyendetsa wabwino sakhumudwa nazo.

Pa mitengo, maboti akuluakulu nthawi zambiri amalipiritsa munthu aliyense payekha, ndipo mtengo wake ndi wokhazikika. Laling'ono limalipiritsa ulendo wonse, mtengo wake n'kukambirana. Munthu mmodzi kapena awiri angapeze kuti kulowa m'gulu la boti lalikulu n'kotsika, pomwe anthu asanu ogawana mtengo wa laling'ono amalipira zochepa aliyense. Mikangano yambiri ya pagombe imabuka chifukwa chosamvana zomwe zili mu mtengowo. N'kofunika kugwirizana usananyamuke ngati ndalama yolowera m'paki ilimo, ngati magalasi oonera pansi pa madzi alipo, maola angati, ndiponso ngati nsomba yootcha ndi mpunga zomwe oyendetsa ena amakonzera alendo pachilumba n'zolipira padera. Kupereka ndalama yonse dzulo lake kwa munthu wongokumana naye pamchenga sikwanzeru. Ambiri amapereka ya petulo, yotsala pobwerera. Palinso mfundo ina yomwe alendo ena amaiganizira: ndalama yolipira boti laling'ono imalowa mwachindunji m'mabanja a m'mudzi momwe usodzi suthanso kudyetsa aliyense.

Omwe ali paulendowo ndiwo amamaliza nkhani. Agogo ovutika mawondo sangakwanitse kulowa m'madzi, kukweza mwendo n'kudumphira m'kaboti kogwedezeka. Mayi wa mwana wakhanda amafuna mthunzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe dzuwa la panyanja limawotcha kuchokera kumwamba ndi pamadzi pomwe. Ulendo wa ana asukulu kapena wa gulu la mpingo umayenda bwino onse akakhala m'boti limodzi pamaso pa owayang'anira, kusiyana n'kuwamwaza m'timaboti tinayi. Maboti ena akuluakulu ali ndi chimbudzi, nkhani yomwe anthu saikamba pagombe koma amaikumbukira ola lachitatu. Mbali inayi, boti lalikulu limayendera nthawi yake. Likati tiyeni, ndi tiyeni, ngakhale wina atangoyamba kumene kuzolowera madzi, pomwe m'laling'ono okwera ndiwo amanena pokhalitsa ndi podutsa.

Boti lalikulu nalo nthawi zina limafuna laling'ono. Ngakhale sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, imadalira timaboti take potsitsa anthu ndi katundu pamalo opanda doko. Eni maboti akuluakulu ena amachitanso chimodzimodzi, kukoka kaboti kumbuyo kofikitsira alendo pamiyala, ndipo wofuna boti lalikulu angafunse ngati kabotiko kalipo.

Kwa munthu wathanzi wopita ku Thumbi m'mawa nyanja ili bata, boti laling'ono ndilo loyenera, pakuti mtunda ndi waufupi ndipo zonse zokaona zili pamiyala. Ulendo wa ku Mumbo, tsiku lamphepo, kapena gulu lokhala ndi ana ndi okalamba zimafuna lalikulu. Ulendo wamadzulo wokaona dzuwa likulowa chakumapiri a ku Dedza umakomanso m'lalikulu, chifukwa sufuna kuyandikira thanthwe lililonse, ndipo pobwerera kuli chisisira boti lokhala ndi nyali limaonedwa msanga ndi asodzi a usipa omwe nthawi imeneyo amakhala akutuluka ndi mabwato awo.