FONI IKASINTHIDWA, MBIRI YA THUPI ISATSALE M'MBUYO

Masiku ano m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Nabvutika si cacilendo kuona wodwala BP kapena shuga akutulutsa foni pamaso pa dotolo m'malo mwa kabuku. M'foni muja mumakhala app, kapena kuti pulogalamu, imene isunga zipimo zake: kuthamanga kwa magazi, shuga, kulemera kwa thupi, ndipo kwa azimai masiku a kumwezi. Ena abvala nkoloko ya pa mkono imene iwerenga mapazi amene aponda pa tsiku. Zimenezi n'zabwino ndithu. Bvuto libwera tsiku limene foni yabedwa m'basi, yagwera m'madzi, kapena mwana wa ku Lusaka watumiza yatsopano. Zithunzi ndi WhatsApp zisamutsidwa tsiku lomwelo, koma zipimo za zaka ziwiri zitsala m'foni yakale, ndipo mwini wake azikumbukira atakhala kale pa benchi ya ku kiliniki.

Kutaya zipimo zotere si nkhani yaing'ono. Amai aliyense adziwa khadi la mwana la ku sikelo. Anamwino sayang'ana kadontho kamodzi cabe ka mwezi uno, ai. Ayang'ana mzere wonse, ngati ukukwera, waima, kapena ukutsika. Khadi la mtundu umenewu analitukula Dr David Morley pamene anali kugwira nchito ku Imesi-Ile m'dziko la Nigeria ca m'ma 1960, ndipo nzeru yake inali yakuti khadilo lizikhala ndi mai wa mwana kunyumba, osati m'kabati ya kucipatala. Zipimo za munthu wamkulu zigwira nchito cimodzimodzi. BP ya 150/95 ya tsiku limodzi inena zocepa, popeza munthu angakhale kuti wayenda mofulumira kapena wacita mantha poona cobvala coyera ca dotolo. Koma 150/95 imene yabwera pambuyo pa miyezi isanu ndi umodzi ya 130/80 iuza dotolo kuti cina cake casintha: mwina mankhwala aleka kumwedwa, mwina mcere wacuruka m'ndiwo, mwina impso zayamba kubvuta. Mzerewo ukaduka, dotolo ayambiranso poyambira, ndipo wodwala ndiye alipira ndi maulendo obwereza-bwereza.

Komabe si zonse za m'foni zimene ziyenera kulira misozi. Anthu ambiri, maka-maka acinyamata, amadandaula koposa cifukwa ca mapazi. Akuti anali atakwanitsa mapazi 10,000 tsiku lililonse kwa miyezi itatu, tsopano app yatsopano yayambira pa ziro. Nambala ya 10,000 siinacokere m'kafukufuku wa madotolo. Inachuka ku Japan mu 1965 pamene kampani ya Yamasa inagulitsa kamakina kowerenga mapazi kochedwa manpo-kei, dzina lotanthauza cipimo ca mapazi 10,000. Kafukufuku wa Dr I-Min Lee wa ku Harvard wa mu 2019, pa azimai okalamba oposa 16,000, anapeza kuti oyenda mapazi pafupi-fupi 4,400 pa tsiku anamwalira ocepa kuyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindulo linaleka kukwera pa mapazi ngati 7,500. Mai amene ayenda kupita ku msika ndi katundu pamutu, kutunga madzi ndi kukalima ku dimba, foni yake ili pa tebulo kunyumba, app idzamulemba ngati waulesi. Mapazi a caka catha sanasinthepo mankhwala a munthu aliyense. Akasamuka zili bwino, akakana atsale.

Zofunika kusamutsa n'zocepa. BP pamodzi ndi tsiku lake. Shuga, ndiponso ngati anapimidwa asanadye kapena atadya. Kulemera kwa thupi, popeza kuonda kosadziwika cifukwa cake ndi cimodzi mwa zizindikiro zimene zicititsa dotolo kuganizira cifuwa cacikulu ca TB. Maina a mankhwala ndi mlingo wake. Ndipo kwa mai, tsiku loyamba la kumwezi komaliza, cifukwa anamwino awerenga masabata 40 kucokera pa tsikulo kuti apeze nthawi yocira. Mai amene ayankha kuti tsikulo linali m'foni yakale acititsa azamba kungoyerekeza msinkhu wa mimba kufikira atapimidwa pa sikani.

Pali zipimo zina zimene n'kwabwino kuzisiya dala. Nkoloko zochipa zogulitsidwa m'misika zilonjeza kupima BP ndi shuga pa khungu cabe. Mu February 2024 bungwe la FDA la ku America linacenjeza anthu kuti asagwiritse nchito nkoloko kapena mphete zonena kuti zipima shuga popanda kubaya khungu, ponena kuti silinabvomereze ngakhale imodzi. Kusamutsa manambala otere ndiko kunyamula bodza kulilowetsa m'nyumba yatsopano, ndipo akasakanizana ndi zipimo zoona za makina omanga pa mkono kapena obaya pa cala, palibe angathe kuwasiyanitsanso.

Nanga kusamutsako kucitika motani? Apa mpamene makampani ananamiza anthu pang'ono, pakuti pa zithunzi zoitanira malonda zonse zioneka ngati kukanikiza batani limodzi. Njira ilipo ndithu. Google ili ndi Google Takeout, kumene munthu angapemphe zonse zake. Samsung Health ili ndi malo otengerapo zolembedwa za mwini foni. Pa iPhone, app ya Health itulutsa zonse m'fayilo imodzi. Koma kutulutsa n'kwina, kulowetsa n'kwinanso. App zambiri zatsopano sizilandira fayilo yocokera ku kampani ina, ndipo cifukwa cake n'cosabisika: kampani siifuna kuti kasitomala wake acoke mosabvuta. Munthu atsala ndi fayilo yodzaza manambala imene angaitsegule pa kompyuta koma app yatsopano iikana.

Pa mafoni a Android pali mlatho wochedwa Health Connect, umene unalowetsedwa m'foni mwenimwenimo kuyambira ndi Android 14 mu 2023. App yakale ilemba zipimo mmenemo, yatsopano iwerenga. Koma pali msampha umene ambiri saudziwa. Mwacizolowezi app yatsopano iloledwa kuona za masiku 30 okha a m'mbuyo kucokera pa tsiku limene yapatsidwa cilolezo, pokhapokha itapempha ndi kupatsidwa cilolezo cina coona zakale. Munthu atsegula app yatsopano, aona zipimo za mwezi watha zilimo, akondwera, n'kufufuta yakale. Zaka ziwiri zapita iye akuganiza kuti wasamutsa zonse. Motero app yakale siyenera kufufutidwa mpaka mwini wake atabwerera m'mbuyo m'yatsopanoyo ndi kupeza ndi maso ake cipimo coyambirira cimene anacilemba.

M'makomboni, komabe, cimene cigwetsa anthu ambiri si Health Connect koma akaunti. Foni igulidwa yogwirapo kale nchito, wogulitsa kapena mphwake wa mwini foni ndiye atsegula imelo, ndipo pasiwedi aisankha yekha. Bambo agwiritsa nchito foniyo zaka zitatu osadziwa ngakhale dzina la imelo yake. Foni ikatayika, mnyamata uja anasamukira ku Kitwe ndipo nayenso anaiwala. Zipimo zingakhale zili bwino-bwino pa makompyuta a kampani, koma popanda kiyi nyumbayo siitseguka. Nambala ya foni imene inalembetsedwa pa akauntiyo ikakhala kuti inatayika nayonso, nkhani yathera pomwepo. Dzina la imelo ndi pasiwedi ziyenera kulembedwa pa pepala ndi kusungidwa pamodzi ndi khadi la NRC ndi makhadi a ana, foni ikali yamoyo.

Zipimo zikasamuka bwino, nchito siinathe, pakuti manambala amasintha cobvala pa njira. M'Zambia shuga apimidwa mu mmol/L, koma app zambiri zopangidwira ku America zigwiritsa nchito mg/dL. Kusiyana kwake ndi kucurukitsa ndi 18. Shuga wa 6 aoneka ngati 108, ndipo 7, amene ndi malire a matenda a shuga kwa munthu wosadya, aoneka ngati 126. Wodwala amene wazolowera kuona 6 akaona 108 angathamangire kucipatala usiku, kapena coipa koposa, angaonjezere yekha insulin, cinthu cimene cingamukomoletse. Kulemera nakonso: makilogalamu 70 ndiwo mapaundi 154. Masiku alembedwanso mosiyana. Ku America ayamba ndi mwezi, motero 03/04 imene kuno itanthauza pa 3 April kumeneko ndi pa 4 March. Kwa mai woyembekezera kumeneko ndi kusiyana kwa mwezi wathunthu. Nthawi zina foni ndi nkoloko zonse ziwiri zilemba ulendo umodzimodzi, ndipo app yatsopano iphatikiza, munthu n'kupezeka wayenda kawiri. Zipimo zisanu kapena khumi zocokera m'miyezi yosiyana-siyana zikayerekezedwa m'app yakale ndi yatsopano, zolakwa zotere zioneka msanga.

Ena adzati zonsezi n'kudzibvuta, popeza cipatala cili ndi makompyuta ake. N'zoona kuti Unduna wa za Umoyo uli ndi SmartCare, imene isunga mbiri ya odwala m'zipatala ndi makiliniki ambiri. Koma imeneyo isunga zimene zapimidwa kucipatala. Wodwala BP amene apita ku kiliniki kamodzi pa miyezi itatu ali ndi zipimo zinai cabe pa caka mmenemo. Zimene apima yekha m'mawa kunyumba sizilowamo zokha, cikhalireco ndizo zionetsa bwino mmene magazi ake ayendera pa umoyo wa tsiku ndi tsiku. N'cifukwa cake malire a kunyumba aikidwa pansi pang'ono, pa 135/85, pomwe a kucipatala ndi 140/90.

Enanso adzati makampani akulu sangataye zinthu za anthu. Mbiri siibvomereza. Google Health inatsegulidwa mu 2008 ndi kutsekedwa mu January 2012. Microsoft inatseka HealthVault mu November 2019. Endomondo, app imene othamanga ambiri anaikonda, inatsekedwa kumapeto kwa 2020. Mu 2024 Google inalengeza kuti ikusiya njira zimene app zina zinali kulumikizirana ndi Google Fit, ndi kuuza opanga app kuti asamukire ku Health Connect. Nthawi zonsezi anthu anacenjezedwa pasadakhale kuti atenge zao, koma cenjezo lotere libwera pa imelo, m'Cingerezi, ndipo imeloyo ndi ija imene anatsegula mphwake.

Motero kabuku ka sukulu kakali ndi malo ake, ngakhale acinyamata akaseke. Kamodzi pa mwezi wodwala, kapena mwana wake wodziwa kulemba, akopere m'kabuku tsiku, BP, shuga ndi kulemera. Mizere inai kapena isanu pa mwezi ikwana. Kabuku sikafuna bundle, sikathima magetsi akapita, ndipo dotolo amene ali ndi odwala ambiri pa mzere awerenga tsamba limodzi m'kanthawi kocepa kuposa kufufuza m'foni ya mwini wake imene galasi lake linasweka. Amene sakonda kulemba angajambule zipimo za pa foni ndi kukasindikiza pa pepala m'tauni. Foni ithandiza kukumbutsa ndi kujambula mizere yokongola, koma foni imodzi siikhala zaka zambiri, pomwe BP ndi shuga akhala ndi munthu umoyo wake wonse.

Cotsala ndi nyumba yakale imene munthu wacokamo. Kufufuta app pa foni sikufufuta akaunti. Zonse zimene zinalembedwa zitsala kwa kampani. Mu 2018 akuba a pa intaneti analowa m'maakaunti pafupi-fupi 150 miliyoni a MyFitnessPal. Mu 2021 bungwe la boma la America loona za malonda, FTC, linaimba mlandu kampani ya Flo, imene app yake iwerengera azimai masiku a kumwezi, kaamba kopereka nkhani za umoyo wao ku makampani monga Facebook ndi Google pomwe inalonjeza kuzisunga mwacinsinsi. M'komboni ngozi ili pafupi koposa pamenepo. Foni yakale ikagulitsidwa kapena kupatsidwa kwa mlamu isanafufutidwe, zikumbutso za kumwa ma ARV kapena mapilitsi olera zilira m'thumba la munthu wina.

Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 m'Zambia liika nkhani za umoyo pa gulu la zinsinsi zofunika citetezo capadera, ndipo lipatsa munthu ufulu wopempha zolembedwa zake, kuzisamutsa, ndi kupempha kuti zifufutidwe. Kukakamiza kampani imene ili kutsidya kwa nyanja kuti imvere lamulo la kuno n'kobvuta, koma app zambiri zili ndi malo ofufutira akaunti, obisika pansi-pansi pa Settings. Ndondomeko yake ndiyo iyi: ayambe watenga zipimo, aziyerekeze m'app yatsopano, azikopere m'kabuku, ndipo pomalizira pake afufute akaunti yakale ndi kubwezeretsa foniyo mmene inacokera ku fakitale asanaipereke kwa wina. Akatembenuza ndondomekoyo ndi kuyamba ndi kufufuta, palibe wokonza mafoni pa msika amene angazibwezenso.