Tikugulitsa misewu ya mawa pamtengo wa puloti

Mnzanga wina wagula puloti cha ku Chileka, kuseri kwa Chatha. Loweruka lina anandiitana kuti ndikaone pomwe wayamba kukumba maziko. Tinatsika minibasi pa tara, tinakwera kabaza, ndipo titayenda pang'ono wakabazayo anaima n'kunena kuti, "Apa mupitirize wapansi, mabwana." Kanjira kake kanali pakati pa mipanda iwiri ya njerwa. Nditatambasula manja, ndinakhudza mipanda yonse iwiri. Ndinamufunsa mnzangayo kuti lole ya mchenga idzalowera pati. Anaseka, amvekere, "Aise, tidzaona konko." Ndinamufunsanso za ambulansi, tsiku lomwe mayi a kunyumba adzadwale pakati pa usiku. Apo sanasekenso.

Sindikumunyoza mnzangayu ayi. Lendi ya ku Ndirande ndi ku Chirimba yamutopetsa, ndipo wachita zomwe tonsefe tikulota. Mkwiyo wanga uli pa bodza lomwe tonse tagwirizana kulikhulupirira, loti Chileka, Lunzu ndi Lirangwe ndi kumudzi, choncho za mapulani a misewu zidikire kaye. Kumudzi kwake kuti, abale? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndi ena oposa 450,000 m'madera ozungulira omwe timawatchula kuti akumudziwo. Mzindawu wapanikizika ndi mapiri, Soche uku, Ndirande uku, Michiru uko. Malo athyathyathya ali kumpoto, ndiye anthu akukhamukira komweko. Minda yomwe tinkaona chimanga ndi nandolo tili ana, lero ndi mauvuni a njerwa ndi zikwangwani za mapuloti.

Tsono taonani momwe anthu onsewa amalowera m'tauni. Wochokera ku Chileka, wochokera ku Lunzu, ku Matindi ndi ku Lirangwe, onse amakumana pa Kameza. Msewu wa M1 umenewu ndi womwewonso umanyamula mabasi a ku Lilongwe, mathiraki olowera pa Mwanza kuchokera ku Tete omwe amakhotera pa Zalewa, ndi matanka a mafuta opita kunkhokwe za NOCMA ku Matindi. Pamsewu womwewo pali mwana wa sukulu, mayi wosenza dengu la tomato, wanjinga wa makala, ndi minibasi yoima paliponse pomwe kondakitala waona mutu wa munthu. Mukadutsa pa Lunzu tsiku la msika mudziwa chomwe ndikunena: thiraki ya matani ambirimbiri ikukwawa pakati pa kaunjika ndi mbuzi. Msewu umodzi taupatsa ntchito ya msewu wa dziko, ya msewu wa m'tauni ndi ya msika, kenako ngozi ikachitika timati ndi tsoka.

Ukayamba nkhani imeneyi pagulu, yankho limabwera msanga: "Angokuza msewu wa ku eyapoti, ukhale wa mizere inayi." Chabwino, aukuze, ine sindikana. Koma tisanamizane. Msewu wotakata wochokera ku bwalo la ndege umakomera mdipiti wa galimoto za akuluakulu ndi alendo otsika ndege. Namwino wa ku Ngumbe yemwe ayenera kufika pantchito 7 koloko sapindula kanthu ngati kuchoka pakhomo pake kukafika pa tarapo ndi matope a m'mawondo, ndipo ngati pa tarapo ayenera kulimbana ndi oitanira kuti apeze mpando. Ukakuza msewu umodzi wokha, galimoto zimangochuluka n'kuudzazanso. Dera silipuma ndi msewu umodzi. Limafuna misewu yambiri yolumikizana, kuti wochoka ku Chileka kupita ku Matindi kapena ku Lirangwe asamazungulire pa Kameza ngati kuti kumeneko kuli chidindo.

Yankho lachiwiri ndi lija lakalekale: "Boma lilibe ndalama." Zoona, tara ndi wodula. Koma ine sindikupempha tara lero. Ndikupempha zikhomo. Kuyeza malo n'kukhoma zikhomo zosonyeza kuti pano padzadutsa msewu, apa padzakhala depoti, apa msika, sikufuna ngongole ya kunja. Chodula ndi kudikira kuti anthu amange, kenako n'kumadzawalipira chipukuta misozi kuti agumule. Ndalama zomwe zikanagula tara zimathera kulipira mipanda, ndipo mabanja amataya nyumba zomwe anamanga movutikira. M'mera mpoyamba. Lero malo ambiri pakati pa Chileka ndi Lirangwe akadali minda. Tikazengereza zaka khumi, madzi adzakhala atatayika.

Chomvetsa chisoni n'choti pamapepala tili bwino zedi. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linati dziko lonse la Malawi, midzi yomwe, liyenera kumangidwa motsata mapulani. Tili ndi ndondomeko ya dziko ya zamayendedwe ya 2017 mpaka 2037. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Ngakhale lamulo la misewu limanena kuti msewu waukulu ngati M1 uli ndi malo ake a mamita 60, kutanthauza 30 mbali iyi, 30 mbali inayo. Tsono kayezeni nokha pa Lunzu kapena pa Lirangwe kuti mashopu ndi mabenchi ali mamita angati kuchokera pamzere wapakati. Malamulo alipo, koma sanatsike m'galimoto kuti aponde fumbi.

Vuto lina ndi malire. Khonsolo ya mzinda imathera pomwe mapu ake athera, kupitirira apo ndi za khonsolo ya boma la Blantyre, pomwe msewu waukulu ndi wa Roads Authority. Malo enieniwo akugawidwa pansi pa mtengo, mboni ndi amfumu, pangano lake n'kapepala kong'amba m'kope. Koma munthu wogona ku Chileka n'kumagwira ntchito ku Ginnery Corner sadziwa malire amenewa. Kwa iye ndi ulendo umodzi, ndipo ukuyenera kukhala ndi pulani imodzi.

Ndiye pali njanji, yomwe timachita ngati sitikuiona. Imachoka ku Limbe, kudutsa pa Blantyre pafupi ndi Wenela, kufika pa Lirangwe, n'kupitirira ku Balaka. Yakhalapo kuyambira 1935, ndipo malo ake palibe woyenera kulipidwa chipukuta misozi. Komabe sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse, ndipo palibe angaidalire popita kuntchito. Tangoganizani sitima yonyamuka pa Lirangwe m'bandakucha n'kubwerera madzulo: ndi maminibasi angati angachoke pa Kameza? Anzathu a ku Dar es Salaam anapatula mizere ya mabasi okhaokha pamsewu wa Morogoro, ndipo mabasiwo anayamba kuyenda mu 2016. Ali ndi mavuto awo, inde, koma anavomereza kuti ambiri mumzinda alibe galimoto, ndipo msewu uyambe waganizira iwowo.

Lirangwe ali ndi phunziro lakelake. Msewu wa Lirangwe-Chingale-Machinga wakhala nyimbo ya misonkhano ya ndale kwa zaka zambiri. Tsiku lomwe udzathe wonse, mbewu za ku Chingale zidzatulukira pa Lirangwe, pomwe pali kale M1 ndi njanji. Pamenepo padzakhala tauni, tifune tisafune. Kodi malo a depoti, a msika ndi oimikapo mathiraki asungidwa, kapena tidikira kuti adzagulitsidwe kaye?

Tsopano kwa ife eni ake, ife a mafoni m'manja amene tikusaka mapuloti pa Facebook. Tisamangoloza boma chala. Wogulitsa akasiya kanjira ka mamita 3, ndife timakankhira mpanda panja kuti tipezeko kadimba. Musanapereke ndalama, funsani kuti msewu uli pati ndipo ndi wotakata bwanji. Funsani komwe madzi a mvula adzalowere, poti Namondwe Freddy anatiphunzitsa kale mu Malichi 2023. Khansala ndi phungu akabwera, musawafunse za mayunifomu a mpira okha. Afunseni mapu osonyeza misewu ya Chileka ndi Lirangwe ya zaka 20 zikubwerazi, ndipo mapuwo akhomedwe pamsika, aliyense aone.

Mnzanga uja wandiimbira dzulo. Akuti wakambirana ndi oyandikana naye atatu kuti aliyense abweze mpanda wake ndi mita imodzi. Awiri avomera. Wachitatu akuti puloti anagula ndi ndalama zake.