ZA UMOYO WATHU: Kudula Chifu Kuti Thupi Lichepe

Abale athu a kumidzi, sabata ino tikambirane nkhani imene ena mwa inu muiseka poyamba. Kuli anthu amene amalipira dotolo ndalama zambiri kuti awadule chifu, chitsale chaching'ono, azidya pang'ono ndi kuonda. Inu amene munaona njala ya 2002 kuno ku Kasungu mudzati, kodi imeneyo si misala? Pajatu kwathu kuno munthu akanenepa timati zake zikuyenda, akaonda anthu amayamba kunong'onezana. Koma musaike nyuzi pansi. Ambiri a inu muli ndi ana kapena alongo ku Johannesburg, ku Lilongwe ndi kwina kutali, ndipo tsiku lina mmodzi wa iwo angakutumizireni mawu kuti akufuna opaleshoni imeneyi, kapena angafike pakhomo atachitidwa kale. Ndi bwino mudziwe chomuyankha, ndiponso chomuphikira.

Poyamba tivomerezane kuti kunenepa kuli ndi malire. Thupi likapitirira muyeso limabweretsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kupweteka kwa mawondo, ndi kubanika kutulo. Zimenezi sizili kwa Azungu okha ayi. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi asanu alionse m'Malawi muno anali wolemera kuposa muyeso wake, ndipo kafukufuku wina wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi kuthamanga kwa magazi. Ambiri a anthu otere safunika mpeni. Chimene akufunika ndi kuchepetsa mitanda ya nsima, shuga wa mu tiyi ndi mafuta, kugwira khasu kapena kuyenda pansi, ndi kupita kukayezetsa ku chipatala cha boma ku Kasungu, ku Mtunthama, ku Nkhamenya kapena kulikonse kumene kuli pafupi.

Opaleshoni ndi ya munthu amene wanenepa kwambiri, wayesa njira zonse kwa zaka, ndipo matenda ayamba kumudya. Madotolo ali ndi muyeso wao woyerekeza kulemera ndi msinkhu. Tinene chonchi kuti mumve: mayi wa msinkhu wa mita 1.6 akafika makilogalamu 90, kapena kupitirira mpaka 100, ndiye kuti matumba awiri a chimanga, pamenepo dotolo angayambe kukamba za opaleshoni, makamaka ngati pali shuga.

Ntchito imeneyi si yatsopano. Inayamba ku America m'chaka cha 1954, pamene madotolo a ku Minnesota anayesa kulambalala mbali yaikulu ya matumbo. Anthu anaondadi, koma ambiri anavutika ndi kutsegula m'mimba kosatha, ena chiwindi chinawonongeka, ndipo njirayo inasiyidwa. Mu 1966 Dotolo Edward Mason wa ku Iowa, ataona kuti odwala amene anawadula chifu chifukwa cha zilonda sankanenepanso, anayamba njira ina imene ikuchitikabe mpaka lero.

Lero njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba aichita dzina la sleeve. Dotolo amadula chifu m'litali ndi kuchotsa magawo atatu kapena kuposerapo mwa magawo anayi, chotsalacho chimaoneka ngati nthochi. Chimene chachotsedwa chapita, sichibwerera. Yachiwiri ndi bypass, ya Dotolo Mason ija. Pamenepo amasoka kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku pamwamba pa chifu, nakalumikiza ku matumbo a kutsogolo, kotero kuti chakudya chimadumpha chifu chonse chotsala ndi chiyambi cha matumbo. Inalipo yachitatu yomanga chifu ndi lamba, koma madotolo ambiri anaitaya chifukwa lambayo ankavuta.

Nanga yabwino ndi iti? Kwa munthu wa shuga wokhwima, kapena wovutika ndi chilungulira, madotolo ambiri amakonda bypass, pakuti sleeve imatha kuwonjezera chilungulira. Koma bypass ndiyo imalanda thupi mavitamini ambiri. Njira zonse ziwiri zimachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a kulemera kwa munthu m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo shuga wa ambiri amatsika ndithu. Ife tikuti funso lalikulu lisakhale lakuti ndi iti imaondetsa msanga. Funso likhale lakuti: ukachira, udzakhala kuti, ndipo adzakuyeza magazi ndani? Amene adzakhala ku Johannesburg pafupi ndi dotolo wake ndi wosiyana ndi amene akuganiza zobwerera kumudzi ku Santhe kapena kwa Wimbe, kumene chipatala chili mtunda wa njinga.

Pakuti taonani, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mtengo wa opaleshoni suthera pa tsiku lotuluka m'chipatala. Mlimi wa fodya amadziwa bwino kuti ndalama za ku okushoni ku Chinkhoma zimabwera nyengo imodzi, pamene mphika umafuna moto chaka chonse. Chimodzimodzi pano. Banja lingasonkhe ndalama za opaleshoni kamodzi, koma mibulu ya mavitamini imafunika tsiku lililonse mpaka munthuyo adzamwalire. Ngati palibe njira yodalirika yoipezera, ndi bwino kuyamba mwaima.

Tifotokoze chifukwa chake. Chifu si nkhokwe chabe yosungiramo chakudya. Chimatulutsa madzi owawasa amene amasungunula ayironi wa m'zakudya, komanso chimapanga kanthu kena kamene kamanyamula vitamini B12 kuti alowe m'magazi. Chiyambi cha matumbo ndiye khomo lalikulu lolowera ayironi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Tsono chifu chikadulidwa ndi khomo lija likadumphidwa, munthu angadye ndiwo zabwino koma thupi osalandira zokwanira.

Choopsa ndi chakuti kusowa kumeneku kumabwera mwakachetechete. Chiwindi chimasunga B12 wokwana zaka zingapo. Chotero munthu amatha zaka ziwiri kapena zitatu ali bwinobwino, namati mibulu ija ndi kutaya ndalama, naisiya. Kenaka mapazi amayamba dzanzi, amamva ngati nyerere zikuyenda m'miyendo, lilime limachita zilonda, kuyenda kumakhala kwa pendapenda, mutu umaiwalaiwala. Kumudzi tidzati waponda mankhwala, kapena wina wamuchita chipongwe chifukwa cha ndalama za ku Joni, ndipo miyezi idzatha tikuzungulira kwa asing'anga. M'miyezi imeneyo mitsempha ikuwonongeka, ndipo ikawonongeka kwambiri sibwereranso mwakale. Komatu mankhwala ake ndi jekeseni wamba, amene ambiri amabayidwa kamodzi pa miyezi itatu.

Vitamini wina, B1, ndiye wofulumira. Thupi limamusunga wa masabata awiri kapena atatu okha. Munthu wa opaleshoniyi akayamba kusanza tsiku ndi tsiku, kenaka maso kuona ziwiriziwiri, kudzandira ngati woledzera, kulankhula zosokonekera, musadikire kuti kuche. Mutengeni ku chipatala, ndipo mukafika nenani poyera kuti anamudula chifu, kuti amupatse vitaminiyo msanga.

Musaganize kuti nthenda za kusowa mavitamini ndi zachilendo kuno. Mu 2015 ndi 2016, kwa anansi athu ku Kasese m'boma la Dowa, anthu mazana angapo anadwala nthenda yotchedwa pellagra: khungu la m'manja ndi m'khosi kuda ndi kusupuka ngati lapsa, kutsegula m'mimba, ndi ena kusokonezeka mutu. Gwero lake linali kudya chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira monga mtedza, nyemba ndi nsomba. Anthu amenewo zifu zao zinali zathunthu. Nanga kuli bwanji munthu wa kachifu konga dzira, tikamadyetsa nsima ya ufa woyera ndi masamba okha?

Tsono inu amayi, mwana wotere akafika pakhomo, tamverani. Mbale yake ndi yaing'ono ngati ya mwana, ndipo si mwano akasiya nsima. Musamukakamize, musati akunyoza za kumudzi. Kachifu kake kakadzaza, nthongo imodzi yowonjezera imamusanzitsa. Popeza malo ndi ochepa, ayambe ndi ndiwo zomanga thupi: dzira, usipa kapena matemba, nkhuku, chiwindi, nyemba zopsa bwino, soya, chambiko, nsinjiro, ngakhale matondo ndi ngumbi pa nyengo yake. Atsatize masamba monga bonongwe ndi nkhwani, nsima ibwere pomaliza, pang'ono. Atafune nthawi yaitali. Madzi asamwere pa chakudya. Adikire theka la ola, koma tsiku lonse azimwa pang'onopang'ono, makamaka m'mwezi wa October pamene dzuwa la Kasungu likuswa mtengo. Ngati opaleshoni ndi ya posachedwa, masabata oyamba ndi a zamadzimadzi ndi phala losalala, monga momwe dotolo wake analembera.

Thobwa lothira shuga wambiri, zakumwa za m'mabotolo ndi tiyi wa masupuni anayi zingamugwetse, makamaka wa bypass. Shuga amathamangira m'matumbo nthawi imodzi, mtima umagunda, thukuta limatuluka, chizungulire chimamugwira, m'mimba mumatseguka. Mowa nawo umalowa m'magazi mofulumira kuposa kale, kotero chikho chimodzi chimachita ntchito ya pafupifupi ziwiri. Abambo, musamuitanire ku kachasu.

Za fodya tinene mosabisa, ngakhale ndiye amatidyetsa. Kulima limani, koma wofuna opaleshoniyi ayenera kusiya kusuta masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo asanalowe, ndipo asadzayambenso. Utsi umachedwetsa bala kupola ndipo umabutsa zilonda pamene dotolo anasoka. Mankhwala a m'magolosale monga aspirin, brufen ndi indocid amachitanso chimodzimodzi. Mutu ukamupweteka, panado ndiye woyenera. Ndipo pa nyengo yofyola ndi kusoka fodya, musamupatse ntchito yonyamula mitolo yolemera miyezi iwiri yoyamba isanathe.

Mibulu nayo ili ndi mwambo wake. Wa ayironi ndi wa kashiamu sayenera kumwedwa pamodzi, pakuti amalimbirana khomo. Pakati pake papite maola awiri. Tiyi amatsekereza ayironi, pamene malalanje ndi magwafa amamuthandiza kulowa. Magazi ayezedwe pakatha miyezi itatu, isanu ndi umodzi, chaka, ndipo kuyambira pamenepo chaka chilichonse, ngakhale munthuyo akumva bwino. Tsitsi limatha kuthothoka m'miyezi yoyamba. Zimenezo zisakuopseni, limameranso. Kwa amayi achichepere pali lamulo lina: asatenge pakati mpaka patapita chaka chimodzi kapena chaka ndi theka. Thupi likaonda, mayi amene ankavutika kuima amatha kuima mosayembekezera, pamene magazi ake ali ochepa. Apongozi, musamufulumize. Apite ku chipatala akasankhe njira yolera, ndipo akadzaima adziwitse anamwino a ku sikelo za opaleshoni yake tsiku loyamba lomwe.

Mawu onsewa akukhudzanso abale athu amene anawadula chifu osati chifukwa cha kunenepa, koma chifukwa cha zilonda za m'mimba kapena khansa, kaya ku Kamuzu Central Hospital kaya kwina. Thupi silifunsa chifukwa chimene mpeni unadutsira. Nawonso akayamba dzanzi ndi kufooka, akafunse za B12 ndi ayironi.

Pomaliza, inu amene mukubwera kutchuthi kuchokera kunja: paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musadalire kuti mibulu ya mtundu wanu mukaipeza ku Kasungu, kapena kuti mnzanu adzakutumizirani pa basi. Nyamulani yokwana ulendo wonse ndi mwezi wina pamwamba. Nyamulaninso kalata ya dotolo wanu yonena mtundu wa opaleshoni, tsiku lake, ndi mankhwala amene mumamwa, ndipo mukafika mupemphe a ku chipatala alembe zimenezo m'buku lanu la umoyo.