MAGEMU M'MBALI MWA NYANJA: AKUSEWERA NDANI, AKUDYA NDANI?

Pali mkangano umene wabuka m'maofesi a aphunzitsi, m'misonkhano ya makolo ndiponso m'misika ya m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Benga, kudzera pa Boma la Nkhotakota, mpaka ku Dwangwa ndi ku Dwambazi. Mkanganowo ndi wa masewera a pa kanema ndi pa foni, amene achinyamata amangowatchula kuti magemu. Ena akuti magemu ndiwo aononga ana, kotero boma liyenera kutseka tinyumba tonse tosewereramo. Ena akuti dziko lidasintha, ndipo woletsa mwana kugwira makina amakono akumutsekera khomo la mawa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka, komabe ife tikuona kuti zikulambalala funso loyenera kuyamba nalo, limene ndi la ndalama ndi thukuta. Mwana akakhala pansi kusewera, ndani wagwira ntchito, ndani akulipira, nanga phindu likukagona kwa yani?

Tiyambe ndi kukumbutsa makolo anzathu kuti kusewera sikudabwere ndi foni. Palibe msika wa m'boma lino umene mulibe bawo pansi pa mtengo, ndipo asodzi akakanika kulowa panyanja chifukwa cha mwera, ambiri amatha tsiku lonse akutakata. Bawoyo ndi mlendo yemwe. Ambiri amakhulupirira kuti adafika ndi amalonda achiswahili, ngati aja adakhazikika pa Nkhotakota ndi Jumbe Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840. Lero palibe amene amamuona ngati mlendo. Maenje 32 ndi nkhomo 64 zaphunzitsa ana ambiri kuwerengera patsogolo ndi kudekha, mwina kuposa m'mene bolodi ndi choko zidachitira. Koma taonani chinthu chimodzi: mmisiri wa kwathu konkuno akasema bawo, amalandira mtengo wake kamodzi, ndipo mudzi wonse umasewerapo zaka makumi awiri popanda wina wakutali wolandirapo kanthu. Apa ndi pamene masewera atsopanowa asiyana ndi akale.

Pansi pa dzina limodzi la magemu pabisala zinthu zitatu zosiyana, ndipo kuzisakaniza ndiko kwasokoneza mkanganowu.

Choyamba ndi kanyumba ka pamsika kamene muli kanema ndi PlayStation, makina amene kampani ya Sony ya ku Japan idayamba kugulitsa m'chaka cha 1994. Anyamata amalipira kuti asewere mpira uja onse amautchula kuti FIFA, ngakhale kuti eni ake, a Electronic Arts, adausintha dzina m'chaka cha 2023 kukhala EA Sports FC. Kawirikawiri mwini kanyumbako ndi mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 nasowa ntchito. Iyeyu tisamunyoze. Amalipira lendi, amagula magetsi kapena kuika sola, ndipo chipangizo chikafa ayenera kugula china chochokera kunja. Pamene ndalama ya Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wotereyu idakwera monga m'mene idakwerera ya feteleza ndi ya maukonde. Ndalama yochepa imene amapeza imagula usipa ndi mpunga pamsika pomwepo. Cholakwa chake, ngati chilipo, ndi kulandira mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu, ndipo chimenechi amfumu, komiti ya sukulu ndi wapampando wa msika angachithetse atakhala naye pansi masana amodzi okha.

Chachiwiri ndi magemu a pa foni amene amati ndi aulere. Pano mpofunika kukumbukira chikomekome cha mkuyu. Kampani imene yalipira amisiri mazana kwa zaka zingapo singagawe katundu wake mwachifundo. Imabweza ndalama zake pokuonetsani malonda a ena, kapena pokugulitsani tinthu ting'onoting'ono m'kati mwa sewerolo, ndipo tina mwa tinthuti ndi timabokosi totseka timene munthu amagula asakudziwa za m'kati mwake. M'chaka cha 2018 bungwe loona za juga ku Belgium lidagamula kuti timabokosi totere, tikamagulidwa ndi ndalama, ndi juga basi. M'chaka cha 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza kuti kukodwa ndi magemu mpaka kutaya sukulu, ntchito ndi tulo ndi matenda, ngakhale lidanenetsa kuti amagwira ochepa mwa osewera. M'chaka cha 2021 dziko la China lidalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha patsiku, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Sitikunena kuti titsanzire China. Tikungoonetsa kuti ngakhale maiko amene amapanga makinawa adaona kuti mwana sangalimbane yekha ndi akatswiri olipidwa kuti iye asaike foniyo pansi. Kwathu kuno pali mtengo winanso pamwamba pake, ndiwo wa bandulo, imene imatha mwakachetechete ngati madzi m'chidebe chobooka.

Kukula kwa malondawa n'kozizwitsa. Mu Okutobala 2023 kampani ya Microsoft idagula kampani yopanga magemu ya Activision Blizzard pa mtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni, ndalama yochuluka pafupifupi kasanu kuposa chuma chonse chimene Amalawi tidapanga m'chaka chimenecho. Munthu angaganize kuti pamene pali chuma chotere antchito amagona tulo tabwino. Koma patangopita miyezi itatu, mu Januwale 2024, kampani yomweyo idachotsa anthu 1,900 m'nthambi yake ya magemu. Mu Julayi chaka chomwecho, ochita zisudzo a ku America amene mawu awo ndi mayendedwe a matupi awo amajambulidwa kuti alowe m'magemu adanyanyala ntchito, ndipo adabwerera pakati pa chaka cha 2025. Dandaulo lawo lalikulu lidali lakuti makina a nzeru zopanga, aja akutchedwa AI, angaphunzire mawu awo ndi kumawagwiritsa ntchito eni ake osafunsidwa kapena kulipidwa. Kumunsi kwenikweni kwa makwererowa kuli Africa. Kuposa theka la mtapo wa cobalt, umene umalowa m'mabatire a mafoni, limakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, ndipo gawo lina limakumbidwa ndi manja, m'maenje oopsa, ndi anthu osauka kuphatikizapo ana.

Munthu wa kunyanja safunika kumasuliridwa zimenezi. Amene amakoka chilimira usiku wonse, nyali zikuyaka ndi mphepo ikuwomba, amadziwa kuti kukacha mwini bwato ndi ukonde amayamba wachotsa za mafuta ndi gawo lake, ndipo otsalawo amagawana zotsala. Pa magemu, mwini ukonde ndi mwini sitolo ya m'foni. Kwa zaka zambiri makampani a Apple ndi Google akhala akutenga mpaka K30 pa K100 iliyonse yogulira zinthu m'magemu odzera m'masitolo awo, ndipo nkhaniyi idafika ku khoti m'chaka cha 2020 pamene kampani ya Epic Games, eni ake a sewero la Fortnite, idakana kutsata lamulolo. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini chilimira timamudziwa, timakumana naye pamaliro ndi pamzikiti kapena kutchalitchi, pamene eni ake a makinawa sadzamva konse dzina la Chia kapena Liwaladzi.

Chachitatu ndicho chatipangitsa kulemba nkhani ino, ndipo ndi kandege. Dzina lake lenileni ndi Aviator, ndipo kadapangidwa ndi kampani ya Spribe m'chaka cha 2019. Kandege kamauluka pa foni, nambala yochulukitsira ndalama ikukwera, ndipo wosewera ayenera kutulutsa ndalama yake kandegeko kasanathawe. Kamaoneka ngati gemu, kamalira ngati gemu, koma ndi juga. Pa bawo ndi pa mpira wa pa kanema munthu amapita patsogolo akamasewera kawirikawiri. Pa kandege palibe luso limene lingakule, pakuti pothawira pake pamasankhidwa ndi makina mwachisawawa, ndipo onse ogulitsa "chinsinsi" chodziwira pamene kadzathawire ndi akuba.

Aphunzitsi anzanga a masamu, nali phunziro loti mulembe pa bolodi mawa lomwe. Opanga kandege amanena okha kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, K97 ndiyo imabwerera kwa osewera onse tikawaphatikiza pamodzi. K3 yotsalayo ikuoneka yaing'ono, koma wosewera sabetcha kamodzi. Tiyerekeze kuti achinyamata a pamudzi wina ali ndi K10,000, ndipo akubetcha mobwereza zonse zimene zabwerako. Akazungulira ka 30, chiwerengero chikuonetsa kuti atsala ndi pafupifupi K4,000. Akazungulira ka 100 atsala ndi ndalama yosakwana K500. Ulendo umodzi wa kandege kawirikawiri sutha ndi mphindi imodzi yomwe, kotero zonsezi zingachitike munthu akudikira minibasi ya ku Salima. Inde, alipo amene amapata zambiri, ndipo mbiri yawo imamveka msika wonse. Koma ndalama yawoyo imachokera m'matumba a anzawo amene amabwerera kunyumba chete, osauza munthu. Mwana amene waona masamu amenewa ndi maso ake, nawawerengera yekha, watetezeka kuposa amene wangokalipiridwa pa asembule.

Tsono nkhaniyi ikukhudza ndale. M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano loona za juga ndi malotale, limene lidabala bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo lamulo limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kubetcha. Koma lamulo lingaimitse mwana pakhomo la nyumba yobetchera. Nanga ndani angamuimitse pa foni ya amayi ake, usiku, m'chipinda? Tisaiwalenso kuti boma limalandira msonkho kuchokera ku makampani obetchetsa, ndipo makampaniwo amathandiza matimu a mpira ndi kugula nthawi pa wayilesi. Pamene ambiri akudyapo, ochenjeza amachepa. N'chifukwa chake khansala ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo akabwera pamsonkhano, tiyenera kuwafunsa mafunso olunjika. Kodi malonda a juga ayenera kuulutsidwa nthawi imene ana ali maso? Kodi nyumba yobetchera iyenera kukhala pafupi bwanji ndi sukulu? Kodi ndi gawo lanji la msonkho wa juga limene lingagule makompyuta m'sukulu za sekondale zoyendera, kumene ana ambiri amatsiriza Fomu 4 asadaikhudzepo kompyuta?

Amene akufuna kuti zonse zitsekedwe akumbukire kuti walira mvula walira matope. Foni imene ili ndi kandege ndi yomweyo imene mayi wogulitsa nsomba amafunsira mitengo ya ku Lilongwe asanakweze madengu ake, ndipo ndi yomweyo imene mwana ali ku Johannesburg amatumizira ndalama ya chimanga. Sitingaibwezere kumene idachokera. Tikatseka kanyumba ka pamsika, kumene ana amasewera poyera anthu akuona, tiwathamangitsira ku juga ya m'thumba imene palibe akuiona, ndipo tidzakhala titalanda mnyamata mmodzi ntchito popanda kupulumutsa aliyense.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza sukulu, mawu athu ndi awa. Sewerani, koma dzifunseni kuti muli mbali iti ya malondawa. Amene amangolipira adzalipira mpaka kalekale. Amene waphunzira kutsegula foni ndi kuikonza, kulumikiza sola, kapena kulemba malangizo amene kompyuta imatsata, wayamba kulandirako. Ena mu Africa muno adayamba kale. M'chaka cha 2009 Eyram Tawia wa ku Ghana ndi Wesley Kirinya wa ku Kenya adayambitsa kampani imene lero imatchedwa Leti Arts, yopanga magemu ochokera ku nthano za kwawo. M'chaka cha 2016 kampani ya Kiro'o Games ya ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, idatulutsa sewero lotchedwa Aurion. Sitikukulonjezani kuti nonse mudzalembedwa ntchito yopanga magemu, pakuti taona kale kuti ngakhale ku America ntchitoyo ndi yosadalirika. Koma luso lolembera kompyuta malamulo a bawo ndi lomwelo lolembera kaundula wa gulu la alimi a mpunga, kapena wa ngongole za amayi a kudoko, ndipo ntchito zotere zikusowa ozigwira konkuno.

Kwa aphunzitsi, pamene pali kompyuta ngakhale imodzi, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Scratch, imene idapangidwa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT kuti ana aphunzire kupanga timagemu tawo, ndipo ikangoikidwa m'kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Pamene palibe kompyuta, pali bawo, pali choko, pali masamu a kandege. M'mera mpoyamba. Mwana amene lero tamuphunzitsa kufunsa kuti akudya ndani pa sewero lililonse limene apatsidwa, mawa adzafunsa funso lomwelo asanasaine pangano la ntchito, asanatenge ngongole ya katapila, ndiponso asanaponye voti.