Gasi wafika ku Mulanje, koma mphuno si mlonda

Usiku wa pa 1 Febuluwale 2024, galimoto yonyamula gasi idaphulika ku Embakasi mumzinda wa Nairobi, pamalo pomwe ankathira gasi m'masilinda popanda chilolezo. Anthu oposa 200 adavulala, ena adamwalira. Pafupi ndi kwathu kuno, pa 17 Novembala 2016, thankala ya mafuta idayaka pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete anthu atazungulira ndi zigubu zawo, ndipo oposa 70 adataya miyoyo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikunena izi chifukwa gasi wafika ndithu ku Mulanje. Chikhwimitsireni lamulo la nkhalango mu 2020, makala asanduka katundu wozembetsa, ndipo malo odyera ndi ogona alendo okwera phiri ayamba kudalira masilinda. Owotcherera zitsulo pa Chitakale ndi pa Limbuli ali ndi gasi wawo. Mafakitale a tiyi ali ndi magalaja komanso mosungira mafuta a majenereta. Ndipo tisanamizane, mafuta atasowa m'dziko muno mu 2022 ndi 2024, zigubu za petulo zidagona m'zipinda zambiri kufupi ndi chipata cha Muloza. Kusiya makala nkwabwino, koma walira mvula walira matope.

Mukafunsa eni malo kuti mungadziwe bwanji gasi akamatuluka, yankho ndi limodzi: timva fungo. Nzoona, opanga gasi amathiramo dala mankhwala onunkha. Koma mphuno imatopa. Mukakhalitsa m'fungo, pakapita kanthawi simulimvanso. Nanga usiku onse ataweruka, anunkhiza ndani? Gasi wophikira safuna kuchuluka kuti achite zoopsa. Akangokwana magawo awiri pa 100 a mpweya wa m'chipinda, kaphaliphali ka pa switchi ya magetsi nkokwanira.

Ichi nchifukwa chake pali kachipangizo kotchedwa gas detector. Kamanunkhiza mpweya usana ndi usiku, ndipo kamaliza alamu gasi adakali wochepa kwambiri, asanafike poyaka. Koma kugula kokha sikuthandiza. Nkhani yagona pa pomwe mwakaika.

Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya womwe timapuma. Akatuluka sakwera kumwamba ayi, amayenderera pansi ngati madzi nkukadikha m'ngalande, m'maenje a m'galaja ndi kuseri kwa makabati. Nthunzi ya petulo imachitanso chimodzimodzi. Choncho kachipangizoka kayenera kukhala m'munsi mwa khoma, pafupifupi masentimita 30 kuchoka pansi, kufupi ndi polumikizira mapaipi ndi pakamwa pa silinda. Mukakapachika kudenga poopa kuti anyamata akaba kapena akapondereza, ndiye kuti mwagula chokongoletsa nyumba. Kadzalira moto utabuka kale.

Mitundu ina ya gasi ndi yopepuka. Wochokera m'maenje a ndowe ndi zinyalala zowola amathamangira kudenga, chimodzimodzinso amene amatuluka m'mabatire akamatchajidwa. Kumeneko kachipangizoka kakwere m'mwamba. Ndiye musanagule, dziwani kaye gasi yemwe muli naye. Musakaikenso pakhomo, pazenera kapena pafupi ndi fani, poti mphepo imauluza gasi asanakafike.

Chachiwiri, kachipangizoka kamakalamba. Fumbi, nthunzi ya penti ndi polishi zimakagonthetsa mphuno pang'onopang'ono, pomwe kagetsi kake kobiriwira kakuyakabe ngati zonse zili bwino. Kamafunika kuyesedwa kawirikawiri ndi gasi weniweni, tsiku nkulembedwa m'buku. Ndipo ndi mmene magetsi amathimira kuno, kopanda batire ndi mlonda wogona.

Chachitatu ndicho chovuta. Alamu ikalira, ndani ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito? Waganyu amene akuopa kudulidwa malipiro a tsikulo amangoizimitsa nkupitiriza. Aliyense pamalopo, kuyambira kapitawo mpaka mlonda, ayenera kudziwa chochita: tsekani gasi, tsegulani zitseko, musakhudze switchi, musayatse machesi, tulukani nonse.

Lamulo lilipo kale. La chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito kuti malo awo akhale osaopsa, ndipo bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa gasi ndi mafuta. Ife tikupempha kuti oyendera malo a ntchito a ku unduna wa zantchito, a MERA ndi a khonsolo ya Mulanje asamangofunsa chiphaso ndi chozimitsira moto. Afunsenso kuti alamu ili pati, idayesedwa liti. Chozimitsira moto chimagwira ntchito zinthu zitaipa kale.

Kwa inu amalonda, yerekezani mtengo wa kachipangizoka ndi wa katundu yense ali m'shopu mwanu, osaiwala wa mnzanu wa khoma limodzi. Kwa inu ophunzira amene mawa mudzakhala amakaniki ndi akapitawo, tsiku loyamba pantchito yang'anani m'munsi mwa khoma. Mukapeza mulibe kanthu, funsani. Safunsa adadya phula.