Galu womvera pabalaza pokha sanaphunzire kanthu

Pali mawu amene ife osamalira okalamba m'makomo mwawo tatopa nawo: "Musaope, ameneyu saluma." Mwini galu amanena zimenezi chinyamacho chitakuponda kale pachifuwa. Chondidandaulitsa n'chakuti mawuwa ayamba kumveka ndi pakati pathu pomwe, popeza ana obadwira kuno akuumiriza makolo kuweta agalu m'tinyumba topanikizika ta m'katikati mwa Dublin.

Kuweta galu sindikuletsa ayi. Chimene ndikutsutsa ndi bodza lakuti galu amene amakhala pansi mukamulamula pabalaza ndiye kuti waphunzira. Galu samva lamulo monga munthu. Amalimangirira ku malo, fungo ndi phokoso la pamene analiphunzirira. Tapitani naye pa Moore Street pomwe pamanunkhira nyama, kapena pa Abbey Street Luas ikuliza belu, muone ngati angakumbukire ngakhale dzina lake. Lamulo lililonse liyenera kuphunzitsidwa mwatsopano pakhomo, pamasitepe, m'paki ya Mountjoy Square mamawa kukali zii, ndipo pamapeto pake m'chinamtindi cha anthu pa Henry Street. Mphindi zochepa tsiku ndi tsiku, kachidutswa ka nyama kali m'thumba, zimakwana. Koma zimafuna kupirira, ndipo apa m'pamene ambiri amathawira.

Ena amati kumudzi tinkaphunzitsa galu ndi mkwapulo. Inde, koma galu wa kumudzi ankagona panja, ntchito yake inali kuuwa akuba ndi kuthamangitsa akalulu. Panalibe womupempha kukwera chikepe pamodzi ndi agogo oyendera ndodo. Galu womenyedwa amaphunzira kuopa dzanja, ndipo dzanja limene adzalilume tsiku lina ndi la mwana wofuna kumusisita. Komanso lamulo la 2013 loteteza ziweto limaletsa nkhanza zoterezi.

Boma nalo silikusewera. Lamulo la Control of Dogs la 1986 limafuna kuti galu aliyense akhale ndi laisensi, ndipo malamulo a 1998 amati mitundu monga Rottweiler, German Shepherd ndi Rhodesian Ridgeback ikamayenda pagulu ivale chophimba kukamwa, chingwe chisapitirire mamita 2, woigwira akhale woposa zaka 16. Mu June 2024 mayi wina anaphedwa ndi agalu ku Limerick, ndipo kuyambira pa 1 February 2025 kusunga XL Bully popanda chikalata chapadera ndi mlandu.

Komabe lamulo silifika pakhomo panu. Galu wamng'ono wokondwa akalumphira agogo a zaka 85 nawagwetsa, fupa la m'chiuno limathyoka, ndipo ndinaphunzira unamwino mokwanira kudziwa kuti ambiri otere sadzayendanso monga kale. Ngati wanu sanaphunzire kukhala pansi belu la pakhomo likalira, m'tsekereni kuchipinda musanatitsegulire chitseko.