Lekani kutaya kabuleta ya orijino!

Abale a geni kuno ku Chitungwiza, tatopa kuona anthu akutaya chuma. Nissan 1400 ikangoyamba kutsokomola, mnyamata wa sipanala imodzi akuti "chotsani kabuleta tiike yatsopano", inu n'kuvomera! Yatsopano yakeyo ndi feki yopanda dzina. Posakhalitsa imayamba kumwa mafuta ngati chidakwa, phindu lonse la katundu wa ku Musina n'kuthera pa pampu.

Galimoto imeneyi anasiya kupanga mu 2008. Kabuleta yomwe inabwera nayo mukaitaya, simudzaipezanso wamba. Kawirikawiri chitsulocho chimakhala chili bwinobwino. Vuto limakhala magasiketi, singano ya float ndi timajeti totsekeka. Petulo wosakaniza ndi ethanol, yemwe tikuthira kuno kuyambira 2013, amadya labala wakale.

Ife tikuti fufuzani mdala amene anakulira pa Peugeot 404 ndi Datsun 120Y. Mfunseni ngati amaphwasula yonse, kutsuka ndi kutchuna float. Kit yake kagulani nokha ku Joni, mutalemba nambala ya pa kabuletayo.

Amene munasintha kale, thamangani kugalaja mukatenge yakaleyo asanaigulitse.